Mayi Ymkje ndi Mapiko a Kakowa

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1952 m'mudzi muno mwa Hallewier, m'kanyumba ka njerwa kamene kanali kuseri kwa chigayo cha mphepo. Dzina lawo ndi mayi Ymkje Tolsma, mwana woyamba wa bambo Wopke Wynia ndi mayi Trynke. Ine Auke, amene ndaima pano m'malo mwa banja, ndine mlongo wawo, wachiwiri kubadwa komanso womaliza. Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi nonse, mundikhululukire ndikatalikitsa. Achemwali anga anandilangiza kuti ndisadzatalikitse, koma moyo wanga wonse sindinawamverepo, ndiye sindiyambira lero.

Mayi athu ankasimba kuti tsiku limenelo kunawomba mphepo ya kunyanja yoti nkhuku zinakana kutuluka m'khola. Bambo athu atamva kuti kwabadwa mwana wamkazi, anasiya tirigu wa anthu ali pa mwala wogayira, n'kukaimitsa mapiko a chigayo, phiko limodzi litatsala pang'ono kufika pamwamba penipeni. Achikulire muno mukukumbukira tanthauzo lake: m'mudzi muli chimwemwe. Phikolo likaima litapitirira pang'ono pamwamba, ngati layamba kale kutsika, ndiye kuti kwagwa maliro, ndipo linkakhala choncho mpaka bokosi litadutsa kupita kumanda. Mthenga sankafunika. Munthu ali kumunda ankangodzutsa mutu, n'kuvula chipewa. Bambo athu anachitira zimenezi aliyense, wa mpingo wathu ndi wa mpingo winawo, ngakhale amene sankalankhulana nawo.

Mu 1958 malemu anayamba sukulu ya m'mudzi muno. Aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu thupi lili m'kalasi koma maso ali pazenera. Akaweruka sankapita kunyumba. Ankakwera makwerero a chigayo mpaka kudenga, n'kugona chagada pa matumba, akumvetsera matabwa akulira. Ankanditenga nane, kamwana kamantha, n'kundiuza kuti nditseke maso. Amati chigayochi chikupuma ngati ng'ombe, ndipo ukakhala chete umva kuti chikudziwa amene walowa. Amatinso mphepo iliyonse ili ndi kwawo: ya mvula ndi mlendo wochokera ku Mangalande, youma ya chisanu ndi ya kum'mawa, ndipo ikafika pa Hallewier imayamba yapereka moni kwa bambo athu. Ine ndinkakhulupirira zonse. Kunena zoona, zina ndimazikhulupirirabe.

Mu Febuluwale 1964 mphepo yamkuntho inathyola phiko limodzi. Nthawi imeneyo alimi anali atayamba kale kugayitsa ku zigayo za injini, ndipo panalibe amene anaona chifukwa chokonzera chathucho. Anabwera anthu n'kutsitsa mapiko otsalawo. Chinatsala ndi chitsa cha njerwa chimene mumachiona pafupi ndi mlatho, chimene pano achinyamata amasungiramo mabwato. Bambo athu analowa ntchito ku fakitale ya mkaka, ndipo sanadandaulepo pamaso pathu.

Mu Novembala 1969 bambo athu anatisiya. Achemwali anga anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Tinayenda pambuyo pa bokosi kuchokera m'tchalitchi chino, ndipo titafika pa mlatho, khamu lonse linatembenuza mitu mwachizolowezi kuyang'ana kuchigayo. Kunalibe kanthu. Munthu amene anaimitsira mapiko mudzi wonse anadutsa pansi pa thambo lopanda phiko n'limodzi lomwe. Achemwali anga sanalire kumanda, koma pa mlathopo anandifinya dzanja mpaka linachita dzanzi. Ndikunena zimenezi chifukwa zonse zimene anachita pambuyo pake zinachokera pa mlatho umenewo.

Mu 1970 anapita ku sukulu ya zaumisiri ku Leeuwarden kukaphunzira za magetsi. M'kalasi monse mkazi anali iwo okha, ndipo mphunzitsi wina tsiku loyamba anawalozera njira ya ku ofesi ya alembi, poganiza kuti asochera. Anamaliza mu 1974. Pa 3 Juni 1977 anakwatiwa m'tchalitchi chino ndi bambo Siebren Tolsma, mphunzitsi wa nyimbo, munthu wofatsa amene sankatha ngakhale kusintha babu. Alamu angawo ankati m'nyumba mwawo anagawana bwino: mkazi amayang'anira magetsi, mwamuna amayang'anira mbatata. Ambuye anawadalitsa ndi ana awiri, Rinske mu 1979 ndi Hidde mu 1982.

Mu 1988 malemu analowa ntchito ku kampani ina yokonza za magetsi ndi zotenthetsera m'nyumba zikuluzikulu za maofesi. Masiku amenewo maofesi ankayaka nyali mpaka Lamlungu, mapaipi akufunditsa mipando yopanda anthu. Iwo zinkawawawa mumtima. Ankati nyumba yosadziwa ngati muli munthu kapena mulibe ndi nyumba yogontha, ndipo ntchito yawo ndi kuipatsa makutu. Ine za magetsi ndimangodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa, choncho akatswiri amene mwabwera kuchokera kutauni mundipirire. Chimene ndikudziwa n'chakuti mu 2004 anatsegula nyumba yansanjika ya maofesi imene achemwali anga anaiganizira zaka zambiri. Nyali zake zimatsata munthu n'kuzima akachoka. Makatani amadzitseka okha dzuwa likakula. Kutentha kwa chilimwe amakutsitsira m'madzi akuya pansi pa nthaka, kumakagona komweko, n'kudzakudzutsa miyezi yachisanu. Pambuyo pake anaikanso masola padenga, ndipo magalimoto oyendera mabatire a ogwira ntchito amamwa magetsi nthawi imene mphepo ikuwomba kwambiri.

Tsiku lina mu Januwale ananditengera kumeneko. Panja madzi a m'ngalande anali ataundana. Anandigwira dzanja ngati kale lija kuchigayo, n'kuliika pakhoma la m'khonde, ndipo khomalo linali lofunda. Anandiuza kuti nditseke maso. Kenako anati, "Auke, chimene ukumvachi ndi kutentha kwa Julayi wapita uja." Ndinaima pamenepo, bambo wamkulu wa imvi, dzanja lili pakhoma, alembi akundidutsa ndi mafayilo awo, ndipo ndinamva fungo la udzu wouma.

Sikuti onse anaikonda nyumbayo. Bwana wina wa pansanjika yapamwamba ankakonda kusinza akadya nkhomaliro, ndipo akakhala osagwedezeka nyali za mu ofesi mwake zinkazima, antchito onse n'kudziwa. Anaitanitsa achemwali anga n'kudandaula kuti nyumbayi ikumuchita ukazitape. Iwo anamuyankha mwaulemu kuti nyumba sinama, ndipo ngati bwana akufuna nyali, azigwedezako mwendo. Nkhaniyi anaisimba pa Khirisimasi iliyonse mpaka tinatopa nayo, koma lero ndikanakonda nditaimvanso.

Tsopano ndibwerere kumudzi. Mu 1994, atayenda khomo ndi khomo pa njinga kwa nthawi yaitali, malemu anakopa mabanja a muno kuti asonkhe n'kugula makina a mudzi opangira magetsi ndi mphepo. Anawaimika kudambo, kuseri kwa busa la bambo Gerlof Miedema. Ana a sukulu ataona chinthu choyera chitaima ndi mwendo umodzi pa udzu wonyowa, anachitcha Kakowa, ndipo dzinalo linakhala. Phindu la Kakowa ndi limene linafolera holo ya mudzi, linatenthetsa sukulu, n'kuyatsa nyali za pabwalo la madzi oundana lotsetserekapo nthawi yachisanu.

Bambo Gerlof, amene akhala chakumbuyoko, sakwiya ndikanena izi, chifukwa iwo eni azinena kwa aliyense kwa zaka makumi atatu: Kakowa ankadana naye. Ankati phokoso lake likuchepetsa mkaka wa ng'ombe zawo. Ankati dzuwa likapendeka, mthunzi wa mapiko umadutsa pazenera la khitchini yawo, phethi phethi, munthu n'kulephera kumwa supu mwamtendere. Achemwali anga anaika kachipangizo koti mthunziwo ukayandikira zeneralo, Kakowa aziima yekha. Kodi mukuganiza kuti bambo Gerlof anathokoza? Pamsonkhano wotsatira anaimirira n'kunena kuti tsopano chinthucho chimaima n'kumawayang'ana akudya. Iwo ankawatcha achemwali anga Mayi Mphepo, achemwali anga n'kumawatcha Bambo Madandaulo. Lamlungu ankapatsana moni pakhomo la tchalitchi, Lolemba n'kuyambiranso.

Koma panali chinthu china chimene malemu anaika m'kati mwa mwendo wa Kakowa, chimene sichinali m'mabuku a opanga makinawo. Anakonza batani loti ukadina, mapiko amachedwa pang'onopang'ono mpaka kuima, phiko limodzi litapitirira pang'ono pamwamba kapena litatsala pang'ono kufikapo. Mu Epulo 1995 atamwalira agogo ena a kwa Postma, tinadzuka n'kuona Kakowa ataima choncho mphepo ikuwomba. Achinyamata anaganiza kuti wawonongeka. Achikulire anatsika pa njinga zawo pamsewu, ena n'kuyamba kulira. Kuyambira pamenepo, kubadwe mwana kapena kugwe maliro, achemwali anga ankavala jombo n'kudutsa dambo, mvula kaya chipale. Mu 2006 atamwalira mayi Akke, akazi a bambo Gerlof, Kakowa anaima mpaka bokosi linadutsa. Pamsonkhano wotsatira bambo Gerlof anadandaula za phokoso monga mwa nthawi zonse.

Mu Disembala 2011 alamu anga a Siebren anatisiya mwadzidzidzi ndi matenda a mtima. Hidde anapempha kuti apite ndiye kudambo, koma mayi ake anakana. Anapita okha, ife tikuwayang'ana pazenera, kamunthu kakuda pa chipale choyera, ndipo anabwerako ataimitsa mapiko. Atafika anavula jombo n'kutereka khofi wa anthu.

Mu 2017 anapuma pa ntchito, ngakhale kuti kupumako kunali kwa dzina lokha. Ankaphunzitsabe achinyamata a ku kampani yawo yakale, ndipo midzi ina inkawaitana kuti akawathandize kuyambitsa zawo. Mu Novembala 2023 mudzi unakumana muholo. Akatswiri ananena kuti Kakowa wakalamba, mano a m'kati mwake aperepeseka, ndipo chilolezo chake chikutha chaka chotsatira. Maganizo anali oti atsitsidwe, mudzi uike mphamvu zake pa munda wa masola ndi mabatire. Tonse tinayang'ana kwa achemwali anga, tikuyembekeza nkhondo. Iwo ndi amene anayamba kukweza dzanja kuvomereza. Anali injiniya, ankadziwa kuti chitsulo chikatopa sichinyengereredwa. Chimene ambiri simunkadziwa n'chakuti sabata yomweyo madokotala anali atawauza kuti ali ndi khansa ya m'matumbo, ndipo yafalikira.

Pobwerera kunyumba tikukankha njinga, anaima pa mlatho uja. Anati, "Iwe Auke, ine ndi Kakowa tili pa mpikisano. Undipempherere ndipambane. Sindikufuna kudutsa pano ngati mmene anadutsira bambo." Ndinawakalipira. Ndinati amenewo si mawu oyankhula munthu wamkulu wophunzira, ndipo ine sindingapemphere kuti mlongo wanga afulumire kufa chifukwa cha chitsulo. Anangoseka n'kundiuza kuti ndiye ndipemphere kuti Kakowa achedwe, n'chimodzimodzi. Limenelo ndiye ndinapemphera, tsiku ndi tsiku.

Chaka chino chilimwe chitatha, mankhwala anasiya kugwira. Anapempha kubwerera kunyumba, ndipo tinasunthira bedi lawo pabalaza, pazenera loyang'ana kudambo. Kumayambiriro kwa Okotobala malole anafika ndi kireni yaikulu yotsitsira Kakowa. Njira yolowera kudambo ndi imodzi yokha, geti la busa la bambo Gerlof. Iwo analitsegula okha ndi chimwemwe, atavala jekete la Lamlungu, n'kuwapatsa anyamata a kireni khofi ndi makeke. Ine ndinawaona, ndipo zimene ndinanena chamumtima sindingazibwereze m'tchalitchi.

Koma kireni singatsitse phiko mphepo ikuwomba, chifukwa phikolo limakupiza m'mwamba ngati nsalu pachingwe. Ndipo tsiku limene malole anafika, kunayamba mphepo ya kumwera chakumadzulo. Inawomba tsiku limenelo, inawomba mawa lake, sabata inatha, ina n'kuyamba. Anyamata a kireni anatulutsa makina awo m'busamo kuwaika m'mbali mwa msewu, n'kumasewera makadi m'lole. Achemwali anga anali atayamba kukhala pakati, theka kuno theka kwina. Ankati m'nyumba mukununkhira ufa wa tirigu. Ankati akumva matabwa akulira kudenga, ndipo bambo akuwaitana kuti atsike pa matumba a anthu. Tsiku lina anandiuza kuti mlendo wa ku Mangalande uja wabwera kudzawazonda, ndimupatse mpando. Akatsegula maso m'mawa funso linali limodzi, ngati Kakowa akuzungulira, ndipo Rinske ankawayankha kuti akuzungulira, amayi. Akamva choncho ankagonanso, dzuwa likamapendeka mthunzi wa mapiko ukuyenda pang'onopang'ono pakhoma pamwamba pa mutu wawo.

Lolemba pa 21 Okotobala 2024, m'mawa, ana a sukulu akudutsa pamsewu ndi njinga zawo, malemu anatsiriza ulendo wawo ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. Rinske anavala jombo za mayi ake n'kudutsa dambo. Kakowa anaima.

Tinaganiza kuti zatha bwino, koma panali patatsala mlatho. Dzulo masana mphepo inaleka. Kunja kunangoti zii, masamba osagwedezeka. A kampani ya kireni anatidziwitsa kuti ayamba lero m'bandakucha, ndipo pofika nthawi ya maliro mapiko adzakhala ali pansi. Sindikuwanena, anali atadikira kokwanira ndipo kwina akuwayembekeza. Rinske anawaimbira foni kuwachonderera, anamuyankha mwaulemu kuti sizingatheke. Anabwera kwathu maso ali ofiira n'kunena kuti, "Amalume, mayi apambana, komabe adutsa pa mlatho ngati agogo a Wopke."

Lero m'mawa ndinakwera njinga kupita kudambo, kuti mwina wa m'banja mmodzi aone mapikowo akutsika. Kunali nkhungu, kuli bata, Kakowa akuoneka mutu wokha ngati akuyandama. Nditafika ndinapeza malole ali pamzere pamsewu, injini zikulira. Pageti panali tcheni, ndi loko watsopano wonyezimira, woti aliyense akanaona kuti wagulidwa dzulo. M'kati mwa getilo munaima bambo Gerlof, atavala kale suti yakuda iyi, manja ali m'thumba. Kapitawo wa kireni anawapempha kuti atsegule. Iwo anasisita matumba onse mosafulumira, n'kunena kuti, "Makiyi sindikuwaona, achimwene. Ukalambawu. Mwina ndiwapeza madzulo, tikabwerako kumanda."

Tonse tinkadziwa kuti m'lolemo muli chodulira tcheni. Kapitawoyo anayang'ana lokoyo, anayang'ana bambo Gerlof, kenako anayang'ana m'mwamba kwa Kakowa nthawi yaitali. Anavula chisoti chake n'kuuza anyamata ake kuti azimitse injini. Ndi amene aima pakhomowo ndi majekete achikasu, ndipo tawalandira.

Malemu asiya ana awiri, Rinske ndi amuna ake a Tjeerd, Hidde ndi akazi ake a Marrit; adzukulu atatu, Jildou, Wopke ndi Femke; ndi ine mlongo wawo, amene tsopano ndilibe wondiuza kuti nditseke maso. Asiyanso nyumba zambiri za maofesi zimene zimadziwa ngati muli munthu.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino amene ankabwera kunyumba, makamaka mayi Hiske amene ankadziwa kukhala chete. Ndithokoze abusa ndi kwaya, amayi oyandikana nawo amene sanalole kuti m'nyumba musowe supu, anzawo a kuntchito amene mwayenda ulendo kuchokera kutauni, ndi a bungwe la mudzi. Ndithokoze kapitawo ndi anyamata ake. Bambo Gerlof, sindinaganizepo kuti ndidzanena mawu awa pagulu: zikomo kwambiri, ndipo makiyiwo musafulumire kuwapeza. Tikachoka kumanda, nonse mukuitanidwa kuholo, kuli khofi ndi buledi wa shuga.

Tsopano tinyamuka. Onyamula bokosi, tikafika pa mlatho musafulumire, muime pang'ono. Nonse mutembenuze mitu monga ankachitira makolo athu, koma ulendo uno muyang'ane kudambo. Madzulo ano mapikowo atsika, ndipo sitidzawaonanso.

Achemwali, mwapambana. Mukawauze bambo kuti lero pa mlatho panali phiko, ndipo laimira inu nonse awiri. Usani mumtendere.